Ulendo wa Anyamata a ku Sewanee m'Chaka cha 1899

Pamwamba pa mapiri a Cumberland, m'chigawo cha Tennessee kumwera kwa dziko la Amereka, pali sukulu ya ukachenjede yotchedwa University of the South, imene anthu amangoitchula ndi dzina la mudzi wake, Sewanee. Sukuluyi inamangidwa ndi mpingo wa Episcopal, mbale wake wa mpingo wa Angilikani, ndipo inatsegula makomo ake m'chaka cha 1868, pamene dziko la kumwera linali lidakali bwinja chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni. Pofika m'chaka cha 1899 ophunzira ake anangopitirira pang'ono 300, ndipo chuma chake chinali chosanunkha kanthu. Koma m'chaka chimenecho anyamata a kasukulu kameneka anachita chinthu chimene masukulu akuluakulu, ndi nkhokwe zawo zosefukira, sanachibwerezepo kufikira lero lino.

Masewera amene tikunena pano ndi mpira wa ku Amereka, wosongoka mbali zonse ziwiri, umene amaunyamula m'manja monga achitira a rugby. M'masiku amenewo lamulo silinalole kuponya mpira kutsogolo, pakuti chilolezo chimenecho chinabwera m'chaka cha 1906. Motero njira yofikira kumalire a adani inali kuunjikana pamodzi, mapewa ndi mitu, ndi kukankha khamu la anzawo kufikira litagumuka. Anthu khumi ndi mmodzi omwewo ndiwo ankaukira, ndiwonso ankatchinjiriza, ndipo munthu akatulutsidwa m'bwalo sankaloledwanso kubwerera, kotero kuti ambiri ankapirira ndi mabala awo kufikira mapeto, poopa kusiya anzawo pamoto. Akuluakulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo mnyamata aliyense wolowa m'bwalo limenelo ankadziwa chimene wasankha.

Chimene chinatulutsa anyamatawa paphiri pawo chinali umphawi. Chaka ndi chaka Sewanee inkakumana ndi sukulu ya Vanderbilt ya mumzinda wa Nashville, ndipo ndalama za pakhomo pa masewera amenewo ndizo zinkasenza gulu la mpira chaka chonse. Koma m'chaka chimenechi masukulu awiriwa anasemphana pa kagawidwe ka ndalamazo, ndipo masewerawo anafafanizidwa. Pamenepo woyendetsa zinthu za gululo, wophunzira wa zaka 20 dzina lake Luke Lea, amene pambuyo pake anadzakhala phungu wa Tennessee ku nyumba ya Senate, anaona kuti ngati makamu a anthu sangakwere phiri kudzaonerera, anyamatawo ayenera kutsika kukawapeza kumene ali. Anakonza ulendo wa pasitima ya pamtunda wa mailosi pafupifupi 2,500, ndi masewera asanu m'masiku asanu ndi limodzi. Munthu wachikulire akadaukana ulendo wotere, ndipo akadakhoza. Koma Lea, mphunzitsi wa gululo Billy Suter, ndi kapitawo wawo Henry Seibels onse anali anyamata, ndipo unyamata suwerengera mtengo wa thupi.

Ananyamuka atasenza migolo ya madzi a pakasupe wa kwawo, poopa kuti madzi achilendo angawadwalitse m'mimba. Pa 9 Novembala anagonjetsa University of Texas mumzinda wa Austin, 12 kwa 0; usiku womwewo anakwera sitima, ndipo m'mawa mwake anagonjetsa Texas A&M ku Houston, 10 kwa 0; tsiku lachitatu anali ku New Orleans, kumene Tulane inagwa 23 kwa 0. Tsiku la Sabata anapumula, monga kuyenera ana a sukulu ya mpingo. Lolemba anakantha Louisiana State ku Baton Rouge, 34 kwa 0, ndipo Lachiwiri, pa 14 Novembala, matupi atatupa ndi tulo ta m'sitima tisanawakwane, anatsiriza ndi University of Mississippi ku Memphis, 12 kwa 0. M'masewera asanu onsewo palibe mdani ngakhale mmodzi amene anapezako kanthu.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa pali munthu amene nkhani zakale zinkamulambalala. M'sitima muja munali Cal Burrows, munthu wakuda, amene ntchito yake inali kusisita ndi kuthowa matupi a osewerawo pakati pa mzinda ndi mzinda, usiku anzake ali mtulo, kuti miyendo yolimba ifewe dzuwa lisanatuluke. Masiku amenewo munthu wa khungu lake sakadaloledwa kukhala m'kalasi ya sukuluyo kapena kuvala malaya a gulu lake, pakuti malamulo a tsankho anali atazika mizu kumwera konse. Komabe mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti popanda manja ake anyamata aja sakadaimirira m'bwalo tsiku lachisanu ndi chimodzi. Amene atamanda ulendowu osamutchula, atamanda mwachinyengo.

Chaka chonsecho Sewanee inasewera masewera 12 ndi kupambana onse, itapeza mapointi 322 pamene adani ake onse pamodzi anapeza 10 okha. Khumi amenewo anawapeza a Auburn, ophunzitsidwa ndi John Heisman, amene dzina lake lili pa chikho cha ulemu chimene wosewera wopambana wa m'masukulu amalandira chaka ndi chaka. Iwo anakumana ndi Sewanee ku Montgomery pa 30 Novembala, ndipo atalimbana koopsa anagonja 11 kwa 10. Patapita masiku awiri Sewanee inatseka chaka pogonjetsa North Carolina ku Atlanta, 5 kwa 0.

Ulemerero umenewu sunakhalitse, ndipo chimene chinauchotsa ndicho chomwe chinaubala. Nkhanza za masewerawa zitachulukitsa maliro, kufikira Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitana akuluakulu a masukulu a Harvard, Yale ndi Princeton m'chaka cha 1905 kuti akonze zinthu, malamulo anasintha, makamu oonerera anakula, ndipo masukulu a boma okhala ndi ophunzira zikwizikwi anamanga mabwalo aakulu m'mizinda, kumene ndalama za pakhomo zinkalowa mosalekeza. Kasukulu ka paphiri, kutali ndi mizinda, sikakadatha kupikisana nawo pa chuma. Sewanee inali m'gulu la masukulu amene anakhazikitsa bungwe la masewera la Southeastern Conference m'chaka cha 1932, pamodzi ndi ena mwa adani amene inawagonjetsa pa ulendo uja. Koma inatulukamo m'chaka cha 1940 isanapambanepo masewera ngakhale amodzi a m'bungwelo. Lero anyamata ake amasewerabe mpira paphiri lomwelo, m'gawo la masukulu ang'onoang'ono amene salipirira wophunzira maphunziro chifukwa cha masewera.