Bowa wa ku Thyolo: Wa Kuthengo ndi Wolimidwa

Mlimi woyamba wa bowa m'dziko la Thyolo sanali munthu ayi, koma chiswe. M'kati mwa chulu chiswe chimatafuna udzu ndi timitengo touma, nichiumba zisa zonga za njuchi, ndipo pa zisazo pamayanga ulusi woyera wa bowa umene chiswecho chimadya. Mvula ikagwa, ulusiwo umaboola dothi nutulukira kunja: ndiwo utale ndi manda amene amayi amazula m'mamawa. Katswiri wa ku France, Roger Heim, anatcha mtundu umenewu Termitomyces m'chaka cha 1942, koma makolo athu anali atadziwa kale kuti bowa wotere safunidwa kutali ndi chulu.

Bowa wina, monga manyame ndi ndelema, ali ndi bwenzi lina. Ulusi wake umakulunga mizu ya msuku ndi ya mombo; mtengo umaupatsa chakudya chopangidwa m'masamba, ndipo iwo umathandiza mtengo kumwa madzi ndi mchere wa m'nthaka. Mukadula mtengo, mwadulanso bowa.

Apa ndi pamene mbiri ya tiyi ikumana ndi mbiri ya ndiwo. Azungu anayamba kubzala tiyi ku Thyolo cha m'ma 1908, ndipo munda wa Satemwa unatsegulidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Nkhalango zinagwetsedwa, m'malo mwake munalowa mizere ya tiyi ndi bulugamu wa nkhuni zoumitsira masamba. Alomwe ochokera ku Mozambique, amene anadzagwira thangata m'mindamo, pamodzi ndi Amang'anja eni dziko, anapanikizidwa pa malo ochepa, nayamba kulima m'mapiri momwe munatsala mitengo. Sitingawadzudzule, pakuti munthu wanjala sasunga msuku chifukwa cha bowa wa mwezi umodzi. Koma tiyi sayamwitsa manyame, ndipo ulendo wa amayi wokafuna bowa unanka nutalika.

Chodabwitsa n'chakuti m'minda yomweyo munatuluka munthu amene analemba maina a bowa wathu. Brian Morris anafika kuno mu 1958 nagwira ntchito ya tiyi ku Zoa, pambuyo pake nakhala mphunzitsi wa za chikhalidwe cha anthu ku London. Mu 1987 anasindikiza buku lotchedwa Common Mushrooms of Malawi. Iye anaona kuti odziwa bowa kwenikweni ndi akazi, ndiponso kuti m'chinenero chathu mawu akuti "bowa" amanena wodyedwa yekha. Wosadyedwa amangotchedwa chirombo. Inu amene mudzaphunzitsa ana m'Chichewa, gwirani mfundo imeneyi: Mngelezi amayamba ndi dzina limodzi la onse nasiyanitsa pambuyo, pamene agogo athu anasiyanitsa m'dzina lenilenilo, popeza kulakwitsa kwake ndi imfa.

Ulimi wa bowa wochitidwa ndi anthu unachokera kunja. Bowa woyera wa m'masitolo anayamba kulimidwa pa ndowe za akavalo pafupi ndi Paris m'zaka za m'ma 1600, ndipo bowa wa oyisitala anayamba kulimidwa ku Germany pa nthawi ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mitundu iwiriyi sifuna chulu kapena muzu wamoyo. Imadya zinthu zakufa. N'chifukwa chake oyisitala wayanjana ndi alimi ang'onoang'ono a kuno. Amaduladula mapesi a chimanga kapena masamba ouma a nthochi, nawaphika ndi nthunzi mu mgolo kuti aphe nkhungu zina, nawalonga m'majumbo pamodzi ndi mbewu ya bowa, nawapachika m'kanyumba kaudzu kachinyontho. Patapita milungu ingapo bowa amatuluka m'mabowo a jumbo. Malo ofufuzira za ulimi a ku Bvumbwe, m'boma lomweli la Thyolo, ndi sukulu ya Bunda, ndi ena mwa malo amene anathandiza kupanga mbewuyo ndi kuphunzitsa alimi.

Za mankhwala tinene mwachidule. Bowa wouma wa pa zitsa wotchedwa Ganoderma, amene Atchaina akhala akumugwiritsa ntchito kuyambira kale, masiku ano amagulitsidwa ngati ufa ndi makapisozi. Ogulitsa amalonjeza zambiri, koma madokotala sanapeze umboni wokwanira wakuti amachiza khansa kapena matenda a shuga, ndipo wodwala asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha iye.

Kanyumba ka oyisitala kamapatsa banja ndiwo ndi ndalama ngakhale m'chilimwe, ndipo sikafuna munda, chimene ndi chinthu chachikulu m'boma lochepa malo ngati lino. Komabe mpaka lero palibe amene wakhoza kulima utale kapena ndelema m'jumbo kuti akagulitse. Amene muwaona m'mbale za amayi m'mphepete mwa msewu m'mwezi wa Januwale achokera pa chulu ndi pansi pa misuku imene inapulumuka nkhwangwa.