Methadone: Mankhwala Othandiza Anthu Omangidwa ndi Chizolowezi cha Heroin

Methadone ndi mankhwala opangidwa m'fakitale amene madokotala amapereka kwa munthu amene thupi lake lazolowera heroin kapena mankhwala ena a gulu lake, moti sangagone tsiku osawapeza. Gululi limatchedwa opioid, ndipo muli heroin, morphine, pethidine, codeine ndi tramadol. Methadone nayenso ndi wa gulu lomweli. Amamwedwa kamodzi pa tsiku, kawirikawiri ali wamadzimadzi m'kakapu, namwino kapena wopereka mankhwala akuyang'ana. Madokotala ena amamugwiritsanso ntchito pochepetsa ululu waukulu wa khansa. Pa chamba, mowa, fodya kapena cocaine, methadone sathandiza chilichonse, ndipo izi n'zofunika kuzidziwa kuno kwathu kumene mawu oti mankhwala ozunguza bongo amaphimba zinthu zambiri zosiyana kagwiridwe kake.

Mmene amagwirira ntchito

Mu ubongo ndi mu msana muli timalo tolandirira timankhwala timene thupi limadzipangira lokha pofuna kuziziritsa ululu. Heroin akalowa m'magazi amakakhala pa timalo tomweto, koma mwamphamvu kuposa mmene chilengedwe chinakonzera. Akamabwera tsiku ndi tsiku, ubongo umasintha kuti ugwirizane ndi mlendoyo, ndipo akasowa thupi lonse limaukira mwini wake. Pakangopita maola 8 mpaka 12 munthu amayamba kuyasamula kosalekeza, mamina ndi misozi kuchucha, thukuta kamukamu, mafupa kuphwanya, m'mimba kupota, kusanza ndi kutsekula, tulo osabwera. Zimafika poipitsitsa pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kumazilala pakatha sabata kapena masiku 10. Chimene sichizilala msanga ndi chibaba. Chimenechi chimatha kukhala miyezi, ndipo ndicho chimabweza anthu ambiri amene anapirira sabata yovutayo.

Heroin ali ngati moto wa mapesi: walilima, wazima, ndipo pakatha maola 4 kapena 6 pafunika kusonkhanso, pamene methadone ndi chikuni chogonera moto mpaka m'mawa. Amalowa m'magazi pang'onopang'ono kudzera m'matumbo, ndipo kuti theka lake lichoke m'thupi pamatenga pafupifupi maola 24, ngakhale kwa ena zimafulumira ndipo kwa ena zimapitirira masiku awiri. Munthu akafika pa mulingo womuyenera saledzera ndiponso sadwala. Amadzuka, kudya, kupita kumunda kapena ku ntchito. Ngati wayesa kudzibaya heroin pamwamba pake, samva kukoma kumene ankamva kale, chifukwa timalo tija tadzaza.

Apa ndi pamene pagona mkangano wakale. Otsutsa amati uku n'kungosinthanitsa chizolowezi ndi chinzake. Mbali ina akunena zoona: womwa methadone akasiya mwadzidzidzi amadwala ndithu, ndipo kudwalako kumatenga nthawi yaitali kuposa kwa heroin. Koma chimene chimapha anthu ndi kupasula mabanja ndi kusakasaka ndalama katatu kapena kanayi pa tsiku, kubwerekana zingano, kugula ufa wosadziwika mphamvu yake, kugulitsa njinga ndi mbuzi za pakhomo. Zimenezo methadone amazidula. Kafukufuku wosonkhanitsa zotsatira za m'maiko ambiri wasonyeza kuti imfa pakati pa anthu amene ali pa chithandizochi zimatsika ndi theka kapena kuposerapo poyerekeza ndi amene sali pa chithandizo, ndipo wina wofalitsidwa mu 2012 anapeza kuti chiopsezo chotenga kachilombo ka HIV pakati pa odzibaya chimatsika ndi 54 pa 100 iliyonse.

Chiyambi chake

Methadone anapangidwa ku Germany cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndi akatswiri awiri a kampani ya Hoechst, Max Bockmühl ndi Gustav Ehrhart, pofunafuna mankhwala a ululu osadalira mbewu ya popi yochokera kunja. Nkhondo yachiwiri itatha, kampani ya Eli Lilly inayamba kumugulitsa ku America mu 1947 pa dzina loti Dolophine.

Ntchito imene akudziwika nayo lero inayamba ku New York mu 1964. Vincent Dole, dokotala wa pa Rockefeller Institute, anagwirizana ndi Marie Nyswander, dokotala wa matenda a maganizo amene anali atagwira kale ntchito pakati pa anthu odzibaya heroin, pamodzi ndi Mary Jeanne Kreek. Iwo anaona kuti odwala akapatsidwa morphine ankangokhala kudikira jekeseni wotsatira, koma akapatsidwa methadone wokwanira ankayamba kufunsa za sukulu ndi za ntchito. Mu 1965 anafalitsa zotsatira za odwala 22. Mu 2005 bungwe la WHO linaika methadone ndi mankhwala ena ogwira ntchito yomweyi, otchedwa buprenorphine, pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo.

Kamwedwe ndi ngozi zake

Kuchedwa kuchoka m'thupi kumene kumapangitsa methadone kukhala wothandiza ndi komwenso kumamupangitsa kukhala woopsa. Wa lero amapeza wa dzulo asanathe, wa mawa n'kupeza onse awiri, motero mulingo womwewo umene unali wabwino Lolemba ukhoza kukhala wochuluka pofika Lachinayi. N'chifukwa chake malangizo a WHO amati poyamba munthu apatsidwe mamiligalamu 20 kapena kucheperapo, osapitirira 30, kenako aziwonjezera pang'onopang'ono pakapita masiku angapo. Ambiri amakhazikika pa mamiligalamu 60 mpaka 120 pa tsiku. Masabata awiri oyamba ndiwo ali ndi ngozi yaikulu, makamaka kwa munthu amene akuona ngati mankhwala akuchepa n'kuwonjezera yekha mowa, diazepam kapena heroin. Kachasu ndi methadone siziyendera limodzi ngakhale pang'ono, pakuti zonse ziwiri zimafooketsa kapumidwe.

Wopyola muyeso amaoneka chonchi: tulo tosadzutsika, nkonono wachilendo, kupuma motalikitsa, milomo ndi zikhadabo kuda, kamwana ka m'diso kuchepa zedi. Abale ambiri amalakwa poganiza kuti wangogona, amusiye apume. Mankhwala obweza vutoli ndi naloxone, koma mphamvu yake imatha pakapita mphindi 30 mpaka 90 pamene methadone akadali m'magazi, choncho wodwala akatsitsimuka sayenera kuthamangira kunyumba.

Zovuta zazing'ono ndi kudzimbidwa, thukuta lochuluka ndi kuchepa kwa chilakolako cha m'banja. Kwa ena, makamaka pa mulingo waukulu, amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo kumene kuli makina oyezera mtima amayamba ayeza kaye. Mulingo wa tsiku limodzi wa munthu wamkulu wozolowera ndi wokwanira kupha mwana, kapenanso wamkulu amene sanamwepo. Poti ndi wamadzimadzi ndipo nthawi zambiri ndi wotsekemera, mwana akhoza kumuyesa chakumwa, ndiye wololedwa kupita naye kunyumba ayenera kumukhomera m'bokosi.

Pali chinthu china chokhudza kwambiri odwala a kuno. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB, amafulumizitsa chiwindi kuchotsa methadone, moti munthu amene anali bwinobwino amayamba kuyasamula ndi kuphwanya thupi patangopita masiku ochepa. Efavirenz ndi nevirapine, ma ARV amene Amalawi ambiri ankamwa kale, amachitanso chimodzimodzi. Dolutegravir, amene dziko lino linayamba kupereka kwa ambiri mu 2019, alibe vuto limenelo. Mayi woyembekezera amene wazolowera heroin amalangizidwa kukhala pa methadone m'malo mosiya mwadzidzidzi, chifukwa kusiyako kukhoza kuchotsa pakati. Khanda limatha kubadwa ndi zizindikiro za kusowa mankhwala, koma zimachizika kuchipatala, ndipo kuyamwitsa n'kololedwa.

Palibe nthawi yoikika yosiyira. Ena amamwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ena moyo wonse. Wofuna kusiya amatsitsidwa pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo masabata oyamba atasiya ndi oopsanso: thupi laiwala, ndiye mulingo wa heroin umene ankaupirira kale ukhoza kumupha.

Kwa anansi athu

Heroin wambiri wofika mbali ino ya Africa amachokera ku Afghanistan. Amadutsa pa nyanja ya mchere ya India m'zombo zamatabwa, kutsikira m'magombe a Kenya, Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kenako n'kuyenda pa msewu kulowera ku Johannesburg. Paliponse pamene wadutsa, wina amatsalira. Ku Dar es Salaam, kafukufuku wa m'zaka za m'ma 2000 anapeza kuti 42 mwa odzibaya 100 alionse anali ndi HIV. Zimenezi ndizo zinakankha boma la Tanzania kutsegula chipatala cha methadone pa Muhimbili mu February 2011, choyamba chaulere kumtunda kuno kummwera kwa Sahara, chilumba cha Mauritius chitayamba kale mu 2006. Mwa anthu 629 amene analembetsa m'zaka ziwiri zoyamba, 57 pa 100 iliyonse anali akadabwerabe patatha chaka, ndipo opatsidwa mulingo wokwanira ndiwo sankathawa kwambiri. Zipatala zina zinatsatira ku Mwananyamala, Temeke, Zanzibar, Mwanza ndi Mbeya, kufupi ndi malire a Songwe. Kenya inayamba mu December 2014 pa chipatala cha Mathari ku Nairobi, ndipo Uganda mu 2020 pa Butabika. Ku Maputo ntchitoyi inayamba mothandizidwa ndi Médecins Sans Frontières.

Ku South Africa, kumene achinyamata athu ambiri amapita kukasaka maganyu, heroin wotchipa amasakanizidwa ndi chamba n'kumasutidwa. Ku Johannesburg ndi Pretoria amati nyaope, ku Durban amati whoonga. Poti ndi chosuta, ambiri amayamba osadziwa kuti ndi heroin. Mzinda wa Tshwane unayamba mu 2016 ntchito yotchedwa COSUP mogwirizana ndi University of Pretoria, ndipo methadone ndi gawo lake.

Kuonera ku Ludzi

Lipoti la bungwe la Harm Reduction International la 2022 linatchula maiko 7 a kummawa ndi kummwera kwa Africa amene ankapereka chithandizo chamtunduwu: Kenya, Mauritius, Mozambique, Seychelles, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Malawi panalibepo. Kuno methadone ali pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act, pamodzi ndi morphine ndi pethidine, ndipo kupezeka naye popanda chilolezo ndi mlandu. Woyang'anira kalowedwe ndi kagulitsidwe ka mankhwala ndi bungwe la PMRA. Ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo amathandizidwa makamaka ku Zomba Mental Hospital ndi ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ambiri mwa iwo vuto lawo ndi mowa ndi chamba.

Titenge chitsanzo cha kumudzi: Ludzi ndi dera la alimi a chimanga, mtedza, soya ndi fodya, lodziwika ndi mishoni ya Katolika, chipatala chake ndi sukulu ya sekondale ya atsikana. Lili m'boma la Mchinji, la anthu oposa 600,000 pa kalembera wa 2018, limene msewu wa M12 umalidutsa kukafika pa chipata cha Mwami kulowera ku Chipata. Munthu wa kumeneko angakumane ndi nkhaniyi m'njira zingapo. Wina anayamba tramadol chifukwa cha msana kapena dzino n'kupitiriza kugula popanda kalata ya dokotala. Wina ndi mnyamata womwa mankhwala a chifuwa a codeine pofuna kuledzera. Wina wabwera kuchokera ku Joni atazolowera nyaope, ndipo pa tsiku lachiwiri lokha ali panjira wayamba kusanza ndi kunjenjemera. Akafika pakhomo, abale amaganiza za malungo kapena kulodzedwa, iye akuchita manyazi kunena chenicheni.

Chovuta cha methadone kwa munthu wotere ndi mtunda. Kawirikawiri chithandizo chimafuna kuonekera pa zenera la chipatala m'mawa uliwonse, Lamulungu ndi Khirisimasi omwe. Ku Dar es Salaam komwe, ndalama ya basi ndi imodzi mwa zimene zimagwetsa anthu ulesi. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo wa kumudzi ayenera kuyamba walipira kabaza kuti akafike pa tala. Chipatala chimodzi cha mu mzinda sichingamuthandize. Tsiku limene Malawi adzayambe chithandizochi, nzeru yabwino ili kale m'manja mwake: ma ARV anayambira m'zipatala zikuluzikulu, koma lero amaperekedwa m'zipatala zazing'ono za boma ndi za CHAM, ndipo mankhwala a TB amamwedwa pamaso pa gadiyani kapena mlangizi wa zaumoyo. Maiko ena afewetsanso malamulo awo. Mu March 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, America inalola odwala okhazikika kutenga methadone wa masiku 28 kupita naye kunyumba. Buprenorphine, amene amasungunulidwa pansi pa lilime ndipo safooketsa kapumidwe kwambiri ngati methadone, ndiye woyenera kwambiri kumadera akutali, ngakhale ndi wokwera mtengo.

Pakadali pano, amene ali pa methadone ku South Africa kapena ku Tanzania ndipo akufuna kubwera kumudzi, kaya ndi ku maliro kaya kudzakhazikika, ayambe wakambirana ndi chipatala chake asanagule tikiti, chifukwa kudutsa naye pa malire kumafuna kalata ya dokotala ndi chilolezo. Methadone wogula kwa munthu m'botolo lopanda chizindikiro musamulandire, pakuti mphamvu yake palibe angaidziwe. Ndipo mukapeza m'bale wanu ali m'tulo tosadzutsika, akupuma motalikitsa, mugonekeni chammbali, thamangirani naye kuchipatala chapafupi, ndipo kawauzeni achipatala dzina la chimene wamwa popanda kubisa.