Kope Nambala 401 ndi Mbiri Imene Ili M'mafoni Mwathu

Pa 5 February 1996, nyuzipepala ya The Post inatulutsa kope lake la nambala 401. M'menemo munali nkhani yakuti boma la a Frederick Chiluba linali kukonza mwakacetecete zocititsa referendamu pa malamulo atsopano a dziko. Pulezidenti analetsa kopelo, ndipo kupezeka nalo kunasanduka mlandu. Akonzi atatu, a Fred M'membe, a Bright Mwape ndi a Masautso Phiri, anamangidwa.

Koma The Post inali kale pa intaneti. Tsamba lake linali m'manja mwa Zamnet, kampani imene inabadwira pa University of Zambia mu 1994, n'kuika dziko lathu pakati pa maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa mokwanira ku intaneti. Boma litaiopseza, Zamnet inacotsa kopelo. Mwamwayi, wowerenga wina ku America anali atalikopera kale, ndipo analiika pa tsamba lina kumene lamulo la ku Lusaka silikanafika. Cimene cinapulumutsa kope 401 si intaneti payokha ai. Analipulumutsa ndi munthu wamba amene anaganiza zosunga.

Makolo athu a zolembalemba anali ndi nkhokwe yawo. Mu 1936 boma la atsamunda linayambitsa Mutende, nyuzipepala ya anthu akuda imene inali kulembedwa m'Cingerezi, Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Inali ya boma, inde, koma anthu anali kulemberako makalata, ndipo akatswiri a mbiri amawerengabe makalatawo kuti amve zimene zinali m'mitima mwa anthu a nthawiyo. Lamulo la Printed Publications Act limati buku kapena nyuzipepala yosindikizidwa m'Zambia iperekedwe ku National Archives ku Lusaka. Pepala limadyedwa ndi ciswe, koma lili ndi kwawo.

Nanga zimene timalemba ife, kwawo n'kuti? Taganizirani zimene mwaona ndi maso anu. Kolera ya 2017 mpaka 2018 itatseketsa masukulu ndi kucotsa ogulitsa m'misewu ya Lusaka, madandaulo a anthu a ku Kanyama anamveka pa Facebook. Mantha a magasi a mu 2020, pamene anthu anali kugona panja kulonda nyumba zawo, anayenda pa WhatsApp, zoona ndi mabodza pamodzi. A Kenneth Kaunda atamwalira pa 17 June 2021, maliro anawo ambiri tinawalirira pa foni. Mwana amene adzafuna kudziwa za komboni yathu zaka 50 kutsogoloku sadzazipeza zonsezi m'malipoti a boma. Nthabwala zathu, ndakatulo zathu ndi Cinyanja ca m'tauni cimene sicilowa m'mabuku a kusukulu zili m'mapositi ndi m'mavoisi noti.

Vuto n'lakuti nkhokwe imeneyi ndi ya eni. Mu 2009 Yahoo inatseka GeoCities, kumene anthu wamba anamanga masamba mamiliyoni, ndipo zimene zinatsala n'zimene anthu odzipereka anathamangira kukopera. Mu 2019 MySpace inavomera kuti inataya nyimbo zimene anthu anaikapo kuyambira 2003 mpaka 2015, nyimbo pafupifupi 50 miliyoni. Kuno kwathu, The Post yomweyo inatsekedwa mu June 2016 pa nkhani ya misonkho. Pa tsiku la masankho, 12 August 2021, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinaleka kugwira nchito mpaka Chapter One Foundation itatengera nkhaniyo ku High Court. Khomo limene wina angatseke tsiku limodzi angathe kulitseka mpaka kale. Onjezanipo foni yobedwa pa City Market, pasiwedi yoiwalika, ndi akaunti ya m'bale amene anatisiya.

Okonda nyimbo adziwa kale mmene zimenezi zimawawira. Matepi oyambirira a nyimbo zambiri za Zamrock za m'ma 1970 anasowa. Kuti dziko limvenso zambiri mwa nyimbozo, panafunika kufunafuna marekodi akale amene anthu anasunga m'nyumba zawo.

Kusunga sikufuna digiri. Internet Archive, imene inayamba mu 1996, caka comweco ca kope 401, ili ndi Wayback Machine, ndipo pamenepo pali malo ochedwa Save Page Now. Mukaikapo adiresi ya tsamba, amalisunga kwaulere pamodzi ndi tsiku lake. Facebook imalola kuti mukopere zonse zimene munalembapo, ndipo WhatsApp imalola kutulutsa maceza n'kuwasunga kwina. Ndakatulo zanu muziike m'malo awiri kapena atatu, pa imelo, pa fulashi, ngakhale m'kabuku. Mukajambula sikirinishoti, lembani tsiku, malo ndi amene analemba, pakuti cithunzi copanda tsiku cimasanduka bodza mosavuta. Ndipo za mnzanu zacinsinsi musazisunge kapena kuzimwaza iye asanavomere.

Amene adzalemba mbiri ya Matero, Chawama ndi Mtendere adzalemba kucokera pa zimene zidzapezeka. Zathu zikasowa, adzalemba zimene ena ananena za ife.