Masankho a Nyumba ya Malamulo ya Europe

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nonse mudziwa kuti dziko lathu lili ndi Nyumba ya Malamulo yake. Lero tikamba za Nyumba ina imene iimira maiko ambiri pamodzi. Aphungu ake amasonkhana mu mzinda wa Strasbourg, m'dziko la France.

Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itatha mu 1945, maiko a kumadzulo kwa Europe anafunafuna njira yopewera nkhondo ina. Mu 1952 maiko asanu ndi limodzi, ndiwo France, West Germany, Italy, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, anayamba kuyendetsa pamodzi malonda a malasha ndi citsulo. Anakhazikitsanso bwalo la aphungu 78. Aphungu amenewa sanasankhidwe ndi anthu wamba ai. Anali kutumidwa ndi Nyumba za Malamulo za kwao.

Mu June 1979 zinthu zinasintha. Nzika za maiko 9 zinavota kwa nthawi yoyamba ndi kusankha aphungu 410. Amai Simone Veil a ku France, amene anapulumuka ku ndende ya Auschwitz pa nthawi ya nkhondo, ndiwo anakhala wapampando. Pa anthu 100 alionse oyenera kuvota, 62 anakavota.

Kuyambira pamenepo masankho amacitika pakapita zaka zisanu. Maiko anaonjezeka, ndipo mphamvu za Nyumbayi zinakula, makamaka ndi pangano la ku Lisbon limene linayamba kugwira nchito mu 2009. Koma pamene mphamvuzo zinali kukula, ovota anali kucepa. Mu 1999 sanakwane 50 pa 100. Mu 2014 anali 43 cabe, ndipo ku Slovakia anali 13. Ku Belgium, kumene lamulo likakamiza nzika kuvota, anali pafupifupi 90.

Nanga n'cifukwa ninji anthu anagwa ulesi? Coyamba, masankho amenewa sasintha boma la dziko lililonse, motero ambiri amawayesa aang'ono. Caciwiri, mphungu mmodzi aimira anthu oculuka ndipo amagwira nchito kutali, kotero kuti ambiri sadziwa ngakhale dzina lake. Cacitatu, zipani pokopa anthu zimakamba za mabvuto a m'dziko mwao, osalongosola nchito ya Nyumbayo.

Komabe malamulo a Nyumbayi, onena za zakudya, mankhwala a m'munda ndi malonda, amagwira amene anavota ndi amene anakhala kunyumba omwe. Akuluakulu amati zidze pano n'za tonse. Mu 2019 ovota anakwera kufika pafupifupi 51 pa 100, makamaka cifukwa acinyamata ambiri anakavota. Mu 2024, posankha aphungu 720 a maiko 27, ciwerengero cinali comweco.

Kuno kwathu, Nyumba ya Malamulo ya Africa inakhazikitsidwa mu 2004, ndipo imasonkhana ku Midrand, ku South Africa. Dziko lililonse lokhalamo, ndi Zambia yemwe, limatumiza aphungu asanu ocokera m'Nyumba yake, monga anali kucitira a ku Europe asanafike 1979.

Tsopano, aphunzitsi, kambiranani ndi ana funso ili: tsiku limene anthu wamba adzapatsidwa mwai wosankha okha aphungu amenewa, kodi ayenera kuyamba adziwa ciani kuti asadzakhale kunyumba?