Njira ya Uphunzitsi m'Boma la Nkhotakota

Wofuna uphunzitsi wa kupulayimale ku Nkhotakota amayamba ndi setifiketi ya MSCE, kenaka n'kufunsira malo kukoleji ya aphunzitsi. Imodzi mwa makoleji aboma oyandikira ndi ya Kasungu, yomwe imafikika pamsewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota. Maphunzirowa, otchedwa IPTE, ndi a zaka ziwiri: materemu ena wophunzira amakhala pakoleji, ena amakaphunzitsa pasukulu moyang'aniridwa. Apa ndi pomwe luso limaonekera, chifukwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja mphunzitsi amalimbirana ana ndi usodzi, makamaka usipa ukachuluka. Mayeso omaliza amakonza ndi bungwe la MANEB.

Setifiketi ya uphunzitsi wa kupulayimale si mathero. Mphunzitsi amene wagwirako ntchito angathe kupitiriza ku Domasi College of Education ku Zomba, yomwe idakhazikitsidwa mu 1993, kapena ku Nalikule ku Lilongwe, n'kupeza dipuloma kapena digiri yophunzitsira kusekondale. Njirayi yathandiza kwambiri sukulu za sekondale zoyendera, zomwe kwa zaka zambiri zinkadalira aphunzitsi akupulayimale. Kalembera wa aphunzitsi ndi ziphaso zawo zili m'manja mwa Teachers Council of Malawi.