Mbiri ya Nyongolotsi Zopirira Ululu wa Zitsulo

Nyengo ya dzinja ikafika ku Area 36 mumzinda wa Lilongwe, nkhuku zimapalasa m'mbali mwa madzala kufunafuna nyongolotsi. Pamalo pomwepo pamapezeka mabatire akutha ndi zidutswa za zipangizo zamagetsi, zomwe zimatulutsa zitsulo zaululu monga mtovu ndi kadimiyamu. Munthu poona nyongolotsi zonenepa pamalo oterewa angaganize kuti dothi lake ndi labwino. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mbiri ya kafukufuku wa tizilombo topanda msana ikutsimikiza mawuwa.

Nkhaniyi idaoneka poyera ku America, padambo lotchedwa Foundry Cove, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Kuyambira mu 1953 mpaka mu 1979, fakitale yopanga mabatire inkatayira m'dambolo madzi odzala ndi kadimiyamu, kotero kuti matope ake adasanduka chiphe. Akatswiri a sayansi atapita kukafufuza adadabwa kupeza nyongolotsi zam'madzi zili zochulukabe m'matopemo.

Mu 1989 akatswiri awiri, a Paul Klerks ndi a Jeffrey Levinton, adafalitsa zomwe adapeza. Adatenga nyongolotsi za mtundu umodzi, zina za m'dambo loipitsidwalo, zina za m'dambo lina lapafupi, naziika m'madzi a kadimiyamu. Za kumalo abwino zidafa msanga, pamene za ku Foundry Cove zidakhala nthawi yaitali. Ana a nyongolotsi zopirirazo, ngakhale adawalerera m'matope opanda ululu, adapiriranso chimodzimodzi. Izi zidasonyeza kuti mphamvuyo idali ya kumtundu. Zofooka zinkafa zisanaswane, zolimba n'kumaswana, mpaka patapita mibadwo pafupifupi 30 dambo lonse lidadzala ndi zolimba zokhazokha.

Nanga chinsinsi chake chidali chiyani? Nyongolotsizo sizinkaletsa ululu kulowa m'thupi ayi, koma zinkaumanga. M'matupi a zamoyo zambiri muli puloteni yotchedwa metallothionein, yomwe a Margoshes ndi a Vallee adaipeza koyamba mu impso ya kavalo mu 1957. Puloteni yotere imagwira chitsulo mwamphamvu kuti chisaononge ziwalo. Ululu wina umaundana kukhala timibulu tolimba. Nyongolotsi zapamtunda nazo zimasunga mtovu motero m'minofu yozungulira matumbo awo, ndipo nkhono zimasunga zitsulo m'chiwalo chogayira chakudya.

Tsoka lake lagona pamenepa. Kachilombo kosunga ululu kamakhala ngati nkhokwe ya chiphe kwa nyama yomwe ikadye. Akatswiri atadyetsa nyongolotsi za ku Foundry Cove tizilombo tina tam'madzi ta mtundu wa nkhanu, kadimiyamu adalowanso m'matupi a tizilomboto.

Mu 1994 ndi 1995 matope oipawo adachotsedwa m'dambomo. Pofika mu 2003 akatswiri adalengeza kuti nyongolotsi za kumeneko zidaleka kupirira, nizifanana ndi zinzake za kumalo abwino. Zidatenga zaka zosafika khumi kuti kusinthaku kuchitike.

Phunziro la mbiriyi likutikhudza ife a kuno kwathu. Chitsulo sichiola monga amaolera masamba kapena gaga. Mtovu ukalowa m'dothi umakhalamo zaka zambirimbiri. Mvula imakokolera zam'madzala m'ngalande, ngalande n'kuthira m'mitsinje momwe anthu amatunga madzi othirira madimba. Mtovu ndi woopsa makamaka kwa ana, pakuti umaononga ubongo womwe ukukula, ndipo kadimiyamu amaononga impso. Nyongolotsi zimasintha msanga chifukwa mibadwo yake ndi yaifupi, pamene m'badwo umodzi wa anthu umatenga zaka zoposa makumi awiri. Tsono batire lakutha tisaliponye padzala pomwe nkhuku zimapalasa ndi ana amasewera, ndipo tisatenge manyowa a kudimba pamalo osakanikirana ndi zinyalala zotere.