Mmene Magazini a Kafukufuku Anasandukira Malonda

Poyamba munalibe chuma m'magazini a kafukufuku. Henry Oldenburg, mlembi wa Royal Society ku London, atayamba kusindikiza Philosophical Transactions mu 1665, ndalama zomwe ankapezapo zinali zongokwana lendi ya nyumba. Kwa zaka pafupifupi 300, magazini ambiri otere anali m'manja mwa mabungwe a akatswiri eni ake.

Zinthu zinatembenuka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Maboma anathira ndalama zambiri m'kafukufuku, ndipo Robert Maxwell, yemwe anayambitsa Pergamon Press mu 1951, anaona pomwe panali ponona. Wolemba salipidwa. Wounika ntchito ya mnzake salipidwanso. Koma laibulale singachitire mwina, iyenera kugula basi, chifukwa zomwe zatuluka m'magazini imodzi simungazipeze mu ina. Mtengo unkangokwera chaka ndi chaka. Mu 1991 Maxwell anagulitsa Pergamon ku kampani ya Elsevier pa mapaundi 440 miliyoni.

Kwathu kuno ululu unali pawiri, poti magaziniwa amagulidwa ndi madola ndi mapaundi, pomwe kwacha inagwa kwambiri mu 1994. Ndinaziona ndi maso m'laibulale ya koleji ina: mavoliyumu a zikuto zolimba atandandalikidwa bwinobwino, chaka chilichonse chitalembedwa pamsana, kenako mzere n'kudukira panjira, shelefu yotsalayo ili fumbi lokhalokha. Ophunzira ankalemba za malungo potsamira mabuku akale kuposa iwo eni. Zimandipwetekabe, chifukwa kafukufuku wina wosowayo anachitikira m'zipatala zathu zomwe, pa odwala athu.

Mpumulo unabwera ndi intaneti. Mu 2002 bungwe la WHO linakhazikitsa HINARI, yopereka magazini a zaumoyo mwaulere kapena motchipa ku mayiko osauka, ndipo mu 2003 malaibulale a m'Malawi anapanga MALICO kuti azigulira pamodzi. Ndimayamika, koma chopatsidwa mwachifundo mwini wake angathe kuchilanda tsiku lililonse. Ngakhale olemera anafika potopa ndi mitengoyi: mu 2019 University of California inaimitsa mgwirizano wake ndi Elsevier, womwe unkadya madola oposa 10 miliyoni pachaka.

Koma njira ina ilipo: Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere pa intaneti. Akuluakulu a mayunivesite athu, mukamakweza mphunzitsi pantchito, muziwerengeranso zomwe walemba m'magazini ngati imeneyi, omwe wophunzira wake angatsegule osalipira.